Sopo wa Mlamu

Basi inachedwa. Mayi wopanga sopo anakhala pa benchi atakumbatira katoni imene inabwerera yodzaza, maso ali pa mtsikana wina amene ankangodzikanda pambali pake.

"Achemwali, manjawo mwatani?"

"Ndi sopo, mayi. Wonunkhira mandimu uja. Wopanga wakeyo Mulungu amuone."

"Wa mandimu ndimapanga ndine."

"Ii, pepani!"

"Musapepese. Munagula kuti?"

"Pa shopu yatsopano, yotchipa ija."

"Ndiye si wanga, ndi wa mlamu wanga. Ndinamutola akungokhala, n'kumuonetsa muyezo uliwonse, mafuta chonchi, soda chonchi. Atangodziwa, ulendo kukapereka nzeru zanga kwa mwini shopuyo. Fungo ndi langa, ndiye manja akatupa wotukwanidwa ndine."

"Osakam'sumira bwanji?"

"Kuti anaba chiyani? Wakuba nkhuku amam'manga, wakuba nzeru amam'patsa kauntala."

"Nanga wakeyo akuwotcha bwanji, poti njira ndi yanu?"

"Anathawa sukulu isanathe. Sopo akauma amafunika agone pa shelefu milungu ndithu, soda athe ukali. Iye akaumba lero, mawa wagulitsa."

"Ndiye mukamuuze, mayi! Inetu ndimasambitsira mwana."

Mayi uja anayang'anitsitsa katoni yake.

"Ndikamuuza, ndam'patsa chokhacho chimene chanditsalira." Kenako anatembenukira kwa mtsikana uja. "Mwanayo ndi wamkulu bwanji?"

"Sanayambe n'kukwawa komwe."

"Mlamu ameneyu wandipha ine," anatero mayiyo, uku akufufuza foni m'chikwama.