Amayi Atamva za Kutamba

Zaka zija bambo anga ankalowa mumgodi kufupi ndi Kadoma, amayi anali atangofika kumene kuchokera kwa Kachindamoto, Chishona osachidziwa ngakhale moni. Tsiku lina mayi wa nyumba yoyandikana nafe pakomboni anabwera kudzapempha kuti ine ndi mlongo wanga tipite ndi ana ake kukatamba kuseri kwa nyumba. Inu obadwira kuno simuonapo chachilendo, poti kutamba m'Chishona ndi kusewera basi, koma kwathu otamba ndi afiti. Amayi anatikokera m'nyumba nkhope itagwa, ndipo sanafunse munthu, paja safunsa anadya phula.

Ndiye ana awiri otsekeredwa pakhomo muwatani? Anatigawira tsiku ngati mashifiti a bambo. M'mawa kuumba ng'ombe zadothi pakhonde, tikadya kusankha nyemba uku tikuwerenga, dzuwa likapendeka phada ndi nyimbo zakwawo, ndipo tinkadzuka tikudziwa kale chotidikira. Atadzauzidwa tanthauzo la mawu aja anaseka mpaka misozi, nakapepesa kwa mnzawo uja, koma dongosolo sanalisiye. M'malo mwake ana a pakomboni ndiwo anayamba kudzaza khonde lathu.

Musaseke kwambiri, chifukwa ine ndemwe ndinaziiwala zonsezi. Chaka chatha mdzukulu wanga Esinati anayamba kugulitsa tomato ku Chegutu, kumalawirira pa kombi, minibasi yakuno, n'kumandisiyira mwana wake Takondwa wa zaka zinayi kuno ku Muzvezve. Ine ndinkangomupatsa sadza, nsima yakuno, n'kumuuza kuti kasewere, ngati kuti kusewera ndi malo amene mwana amawadziwa yekha. Kale kunja kunali tchire chabe, koma lero ndi maenje okhaokha a ofuna golide, ndipo mvula ikagwa amadzaza ndi madzi. Masana ena ndinaitana, zii. Ndinathamanga ndi mawondo angawa, n'kukamupeza atagwada m'mphepete mwa dzenje akuvuula nsapato yake ndi kamtengo. Ndinamunyamula mpaka kunyumba.

Mawu a akulu akoma akagonera. M'mawa mwake ndinakatapa dothi pachulu, tinaumba ng'ombe, ndipo kuyambira pamenepo tsiku lathu lili ndi mutu ndi mchira. Amathirira anyezi ndi kachitini kake, amasankha nyemba, ndipo nyimbo za amayi zija akuziimba, iye amene ankandiyankha m'Chishona chokhachokha. Mtima wanga unakhala pansi, sindibisa.

Choncho ana inu, musamangothamangitsira mwana panja kapena kumupatsa foni kuti akhale chete. Mukonzereni kanthu kakang'ono, kodziwika nthawi yake, poti m'mera m'poyamba. Dzulo Takondwa anandidzutsa atanyamula kale dothi m'manja, n'kundifunsa kuti, "Agogo, lero titamba chiyani?"

Ndinamuyankha kuti titamba ng'ombe, ndipo amayi andikhululukire kumene aliko.