Njere za Chimanga pa Nyuzipepala Zong'ambika

Atate atamwalira, abale awo anatenga ng'ombe zonse maliro atangotha, ndipo sukulu yanga inathera pomwepo, mu Giredi 11. Moni kwa inu nonse okondedwa mwa Ambuye. Sindikometsa nkhaniyi.

Ndisanachoke, aphunzitsi a masamu anatipatsa ntchito yoyerekeza nyuzipepala yamasamba aakulu ndi ija yaing'ono yamitu yofuula. Tinkawerenga mawu m'chiganizo chilichonse, kuphatikiza, n'kugawa, kuti tione yosavuta kuwerenga. Sindinaimalize.

Azakhali ananditenga ku Rufunsa kuti ndizigulitsa zitumbuwa pamsewu. Zokulungira zinali nyuzipepala zakale. Mabasi akapita, msewu unkachita ngati ukuyandama m'dzuwa, ine n'kumaika njere ya chimanga pa liwu lililonse. Ziganizo za yaikulu zinkayenda ulendo wautali ngati basi ya ku Chipata, zina n'kuthera pamene azakhali anang'amba. Za yaing'ono zinkadumpha ngati ziwala. Ndinkalota ndili maso, ndikuona njere zikusanduka mayankho a mayeso. Kupemphera kwanga kunali kwamwano: "Ambuye, ngati mukundiona, chitanipo kanthu."

Tsiku lina kunaima lole ya ba Lungu, dalaivala wachikulire wopemphera kwambiri.

"Iwe, ukuombeza pa msewu wa boma?"

"Ndikuwerenga mawu. Mugula kapena simugula?"

Anaseka, nandiuza kuti ndifotokoze. Ndinawaonetsa milu iwiri ya njere, waukulu wa chiganizo cha nyuzipepala yaikulu ndi waung'ono wa cha yaing'ono. Kenako anati tulo timawavuta m'mapiri, wailesi inafa, ndipo mnyamata wowathandiza pa lole akamawawerengera nyuzipepala yaikulu maso amalemera.

"Ndiye chifukwa chake ndi ichi," anatero, akuloza mulu waukulu. "Kwera, mwana wanga. Uzindisankhira nkhani za ziganizo zazifupi, tisakagwere m'phompho."

Anakambirana ndi azakhali. Ndinayamba kuyenda nawo, ndikuwerenga mokweza, mapiri akudutsa pawindo ngati ng'ombe zogona. Ku Lusaka ankandigoneka kwawo, ndipo anandilembetsa sukulu yamadzulo. Mayeso ndinalemba, masamu ndinakhoza.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero lopanda ulemu, ndi ba Lungu amene sanagone pa chiwongolero. Inu amene mwakhala m'mbali mwa msewu, musaleke kanthu kakang'ono kamene mutu wanu ukukana kusiya. Abusa amati ndiwakhululukire abale a atate aja, ndipo ndikuyesa. Koma zaka ziwiri ndinazisiya pafumbi paja, ndipo palibe amene wandibwezera.