Mivi iwiri pa mfuti ya a Eneya

Bwana Gavanala, a Sekilitale a khonsolo, a Tcheyamani a Chipani, Abusa, anzanga a ntchito, ndi inu mayi Idesi pamodzi ndi ana, moni nonse. Ine ndine Fanwell Sakala. Ndakhala pa tebulo limodzi ndi a Simeoni Mbewe zaka khumi ndi zinayi, mu ofesi yolembetsa mfuti pano pa Chadiza. Lero akupuma ntchito, ndipo asankha ine kuti ndilankhule. Akanadziwa zomwe ndabwera nazo, bwenzi atasankha wina.

A Mbewe mukuwadziwa. Munthu akabwera ndi mfuti m'mawa, ankabwerera dzuwa litapendeka. A Mbewe ankayamba ainunkhiza kukamwa mfutiyo. Kenako n'kutulutsa choko, kupaka pa chitsulo, kupukuta ndi chala kuti zilembo zioneke. Mayi Idesi, matumba a malaya mwakhala mukuchapa aja, pepani m'malo mwa ofesi.

Komatu sanabadwe akudziwa. Chaka chawo choyamba, mu 1961, analembetsa mfuti zitatu za midzi itatu, zonse nambala imodzi, 1918. Mzungu wa pa boma anaitanitsa eni ake kuti anene wakuba ndani. M'pamene zinadziwika kuti a Mbewe ankalemba chaka chomwe mfuti inapangidwa. Manyazi a tsiku limenelo ndiwo anawaphunzitsa ntchito.

Tsopano mundilole ndileke zoseka.

Zaka ziwiri zapitazo, mu 1987, nonse mukukumbuka mmene tinkakhalira. Zigawenga zinkadutsa malire kuchokera ku Mozambique, anthu n'kumathawa m'midzi. Nthawi imeneyo anagwira mkulu wina wa ku Mlolo, a Eneya Mvula. Anawapeza ndi mfuti ya asilikali pansi pa nkhokwe. Iwo anati anaigula ku boma atabwera kunkhondo ya Azungu, yothamangitsira nguluwe m'munda. Pepala lake chiswe chinadya. Palibe anawakhulupirira. Anawatsekera.

Kunabwera bwana wina wochokera kutali, dzina sinditchula. Anaika mfuti ija pa tebulo pathu, ndi kalata yolembalemba kale. Kalatayo inkati mfutiyi siidziwika m'mabuku a boma lino, yalowa ndi zigawenga. Inkafunika masiginecha awiri. Ikangosainidwa, a Eneya amapita kundende ya kutali, ndipo pa msinkhu wawo sakanabwerako.

A Mbewe anatulutsa choko chawo.

Anati, "Bwana, onani apa. Ichi n'chisoti cha mfumu ya Angelezi. Pansi pake pali chaka, 1917. Mfutiyi ndi yakale kuposa ine ndi inu."

Bwana uja anati, "Sindinabwerere sukulu. Sainani."

A Mbewe anapitiriza. "Apa pali mivi iwiri yoyang'anana. Muvi umodzi umanena kuti ndi katundu wa boma. Ikakhala iwiri chonchi, ndiye kuti boma linagulitsa lokha. Komanso suzumirani mkati. Mavu anamangamo dothi. Mfutiyi yatha zaka osalira."

Bwana anawafunsa ngati akuikonda ntchito yawo. Anawafunsanso ngati khadi lawo la Chipani akufuna kukhala nalobe. A Mbewe anali atatsala zaka ziwiri kuti apume, ana anayi ali pasukulu. Anatseka cholembera, n'kuchibweza m'thumba. Anati, "Ndipatseni masiku atatu. Ndikalephera, mundichotse."

Masiku atatuwo anakhala mu sitolo ya mabuku akale ya kuseri ija, momwe tonse timaopa njoka. Anatulutsa mabuku a nthawi ya Azungu, ena atadyedwa theka. Tsiku lachitatu anatuluka fumbi mpaka m'nsidze, atanyamula buku la 1951. Munali dzina la a Eneya Mvula, ndi nambala yomweyo ya pa chitsulo. A Eneya anatuluka atakhalamo masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Mfuti sanawabwezere, koma anapita kwawo.

Nkhani imeneyi ambiri mumaidziwa mpaka pamenepo. Chotsalacho ndi ichi.

Ndanena kuti kalata ija inkafunika masiginecha awiri. Imodzi inali itasainidwa kale a Mbewe asanalowe. Ndinasaina ndine. Mivi ija ndinaiona. Ndinkadziwa tanthauzo lake, chifukwa anandiphunzitsa ndi iwowa. Koma ndinachita mantha. Ndinaganiza za ana anga, n'kuiwala kuti a Eneya nawonso ali ndi ana.

A Mbewe anaiona siginecha yanga. Mpaka lero sananditchulirepo. M'mawa uliwonse amandipatsa moni ngati kale, ine n'kumayankha nditayang'ana pansi. Zaka ziwiri ndakhala nazo pakhosi. Akulu anga, sindikanalola kuti munyamule njinga yanu kupita kwanu ku Pembamoyo ndisanakuuzeni pamaso pa anthu kuti ndinalakwa, ndipo munandipulumutsa nanenso. Mukanasaina, bwenzi lero ndikuyenda ndi imfa ya munthu.

A Eneya anamwalira chaka chatha. Anamwalira m'nyumba mwawo, mwana wawo a Keziya atawagwira mutu. A Keziya ali kumbuyo uko, abwera wapansi kuchokera ku Mlolo. Amayi, kwa inunso ndikuti pepani.

A Mbewe, zikomo chifukwa cha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Pitani mukalime mtedza wanu. Mukagone tulo tabwino, pakuti palibe munthu amene akulira chifukwa cha dzanja lanu. Mulungu akupatseni masiku ambiri, inu ndi mayi Idesi.

Tsopano ndikupempha nonse, ndi inu Bwana Gavanala, tiimirire tiwaombere m'manja. Koma mundilole ndiyambe ndine, ndi dzanja lomwe linasaina lija.