Chikuta cha pa Foni

Ndikupatsani moni nonse, abale ndi alongo, m'dzina la Ambuye wathu. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Dzina langa ndine Esnati Nambewe. Ambiri mumandidziwa, ndimagwira ntchito ya unamwino ku Nedlands, m'dziko la eni lino, kutali ndi kwathu. Chimene simudziwa n'chakuti ndinakhala zaka ziwiri osayankhulana ndi mwana wanga.

Mwana wanga ndi mmodzi, Tadala. Anapita ku America kukaphunzira, ku Ohio, ndipo komweko anakwatiwa ndi mnyamata wachizungu, Kevin. Anakwatiwa popanda chinkhoswe. Malume ake ku Lilongwe anangoona zithunzi. Ndipo tsiku loyamba kundiona pa vidiyo, mkamwiniyo anakweza dzanja n'kunena kuti, "Moni, Esnati." Esnati, ngati tinakulira limodzi. Ndinadula foni. Tadala anaimba, ine osayankha. Anaimbanso, osayankha. Kenako anasiya.

Mliri utabwera, malire athu kuno anatsekedwa. Ine ndinkapita ku shifiti, kubwerako, kukhala pa mpando n'kumaonera nkhani za ku America. Ndinkawaona akukangana za masiki, akukangana za chisankho, nyumba iliyonse ndi chikwangwani cha chipani chake pa kapinga. Ndinkamva kuti kumeneko munthu amasiya kudya ndi mchimwene wake chifukwa cha voti. Ndinkaseka. Ndinkauza anzanga kuntchito kuti anthu amenewa sadziwa chibale. Anyani amasekana zikundu, abale anga.

Tsiku lina m'mawa ndikutsika sitima m'tauni kuti ndikwere basi, foni inalira. Anali Kevin. Anati, "Tadala anabereka mwana wamkazi masiku asanu apitawo. Koma iye wadwala matendawa, abwerera naye kuchipatala, akupumira makina. Ine ndatsala ndekha ndi khanda, ndipo likukana botolo."

Ine sindinkadziwa n'komwe kuti anali woyembekezera.

Ndinaimba kuchipatalako. Mayi amene anayankha anali waulemu kwambiri. Anati sangandiuze kanthu chifukwa dzina langa palibe pa pepala la achibale. Ndinati ndine mayi ake. Anati pepani, palibe. Lamuloli ndimalidziwa, inenso ndimauza anthu chimodzimodzi kuntchito. Apa m'pamene ndinafika pansi penipeni. Sindinalire. Ndinangokhala pa benchi, mabasi atatu n'kundidutsa. Kwathu mwana akabereka, mayi ake amapita kuchikuta, kukamuphikira, kukasambitsa khanda mpaka mchombo utagwa. Ine ndege kunalibe, chilolezo kunalibe, ndipo ngakhale dzina langa kunalibe. Ndinachita mantha kuti Tadala afa akudziwa kuti mayi ake anamukana.

Ndinamuimbira Kevin. Ndinati, "Apongozi, amayi anu ali kuti?"

Anati amakhala pafupi, mtunda wa ola limodzi pa galimoto, koma sayankhulana. Anayambana pa nkhani ya chisankho.

Ndinakwiya. Ndinati, "Chisankho ndiye chiyani? Aimbireni pompano. Mayi sakhala chete mwana wake ali pa mavuto."

Kevin anangovomera kuti awaimbira, osandikumbutsa za ine ndi Tadala. Ndi mnyamata waulemu, m'njira yakwawo. Koma ine mawu angawo ndinawamva bwinobwino, ndipo ndinachita manyazi.

Mayi ake, a Linda, anafika tsiku lomwelo. Ndiye kunayamba chikuta cha pa foni. Kuno m'mawa, kwawo madzulo. Ankaimika foni pa tebulo, ine n'kumawauza. Madzi akhale ofunda chotere. Mchombo musaunyowetse. Botolo muligwire chonchi. Iwo anati khanda lili ndi chipinda chakechake, ndi kamera yoliyang'anira. Ndinati mwana wa masiku asanu sagona ndi kamera, amagona ndi munthu. Tinakangana. Mawa lake ndinapeza kabedi kali pambali pa bedi lawo. Tsiku lina mwana atalira kwambiri, ndinawaphunzitsa kubereka kumbuyo. Chitenje analibe, anatenga nsalu ya pa tebulo. Mayi wamkulu wachizungu akuzungulira m'khitchini, mwana kumsana, wagona.

Ndinaonanso zina pa foni imeneyo. Anthu oyandikana nawo ankasiya chakudya pakhomo, kugogoda, n'kuthawa. Ena anali a chikwangwani ichi, ena a chikwangwani icho. Palibe amene anafunsa voti ya khanda. Chibale amachidziwa, kungoti amachichita mwakwawo.

Tadala anatuluka m'chipatala patatha milungu iwiri. Atamubweretsera foni, tinangoyang'anana. Anali atawonda. Kenako anati, "Amayi, mwadzuka bwanji?"

Ndinati, "Ndadzuka, kaya iwe. Tadala, ndinakulakwira."

Kwathu wamkulu sapepesa kwa mwana, amangomupatsa ndiwo yabwino n'kuona ngati nkhani yatha. Koma pa foni ndiwo sipita. Ndinapepesa ndi pakamwa. Iye anati, "Ndamva, amayi." Sananene zambiri, ndipo ine sindinamukakamize.

Abale ndi alongo, sindinena kuti zonse zinakoma. Malume ake akadali okhumudwa. A Linda, asewele anga, akadali ndi maganizo awo pa ndale, mwana wawo ali ndi ake, koma Lamlungu amadyera tebulo limodzi. Ine malire akadali otseka, ndikungopita ku shifiti ndi kubwerako monga kale.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa anandichititsa manyazi nthawi ikadalipo. Ndikuthokoza amayi a mumpingo uno amene munkandipempherera osadziwa chimene chikundidya. Mdzukulu wanga tsopano akukwawa, ndipo sindinamunyamulepo ngakhale kamodzi. Koma ndili ndi mwana, ali moyo, ndipo akuyankhula nane.

Ambuye alemekezeke. Zikomo.