Tsiku Limene Anandibisa M'munda wa Nsawa

Bambo mfumu, akulu a mpingo, azibambo ndi azimai, abale anga nonse, moni m'dzina la Ambuye. Mundikhululukile ngati mawu anga sakufika kumbuyoko. Ndine Simoni, mwana wa amai Mwanza a ku Nyampande, uja amakhala kuseli kwa mzati Lamulungu lililonse. Lelo ndapempha ndekha kuti ndiime pano. Ndili ndi umboni woti ndichitile, ndipo ndikaubweza kunyumba undilemela.

Ambili mukudziwa kuti sukulu yathu ya misyoni imalekela Sitandade Folo. Kuti ikhale ndi Faifi ndi Sikisi, boma limayamba latuma bwana woyendela masukulu, adzaone nyumba, mabuku, zimbudzi, munda ndi ana omwe, kenaka alembe ngati sukulu yakwana. Zaka zitatu zapitazo anabweladi. Nthawi imeneyo woyamba m'kalasi anali mkulu wanga Lazalo.

Bwana uja analoza Lazalo namufunsa samu. Lazalo ankaidziwa samuyo, abale, ankaidziwa. Koma anachita zimene amai anatiphunzitsa kuti tizichita pamaso pa wamkulu. Anachoka pabenchi, anagwada, anayang'ana pansi, nayankha motsitsa mawu. Bwana sanamve. Atafunsanso mokweza, Lazalo anaganiza kuti ulemu wachepa, ndiye anawelamanso kwambili. Ana ena ataona kuti woyamba wagwada, aliyense wofunsidwa anagwadanso. Kalata itabwela inati ana a sukulu ino sadziwa kuyankha.

Palibe amene anamunena Lazalo. Anadzinena yekha. Analima chaka chimodzi osagwilanso buku, kenaka anati akupita kumapulazi a fodya ku Walale, dziko lakutali la kum'mwela. Ine ndinamupelekeza wapansi mpaka ku Nyimba kumene anakwela lole. Asanakwele anatulutsa lula yake yamatabwa yopimila nandipatsa, nati, "Bwana akadzabwelanso, iwe usakagwade." Kalata yake inabwela imodzi yokha. Kuyambila pamenepo, zii. Amai mpaka lelo akamva lole kumsewu amaleka kusinja.

Chaka chino tinamva kuti woyendela masukulu abwelanso. Inu nomwe mukukumbukila mmene tinavutikila. Azimai munasenza dothi loyela kuchokela kudambo, tinapaka zipupa, mvula inatsuka, tinapakanso. Azibambo munakumba zimbudzi zatsopano ndi kukhoma mabenchi. Bambo mfumu anabweletsa mapu pa mthuthuthu wao, atawakulunga m'chikhoti chao cha mvula, iwo eni akunyowa. Miyala ya m'mbali mwa njila yakutsogolo tinaiyeletsa umodzi umodzi.

Koma nchito yaikulu inali ya ahedi athu, a Daka. M'mawa ulionse ankavala chipewa chakale cha bambo mfumu, nalowa m'kalasi monyang'wa ngati bwana, nakuwa kuti, "Imilila! Maso kwa ine! Mawu akwele!" Anzanga anaphunzila msanga, ena mpaka anayamba kukuwa ndi kunyumba komwe. Ine ai. Akandiloza, yankho lili m'mutu, koma ndagwada kale, khosi lapindika lokha.

"Iwe Simoni, pansipo wataya singano?" ankatelo a Daka, kalasi yonse n'kuseka. "Mutu uli nao, mwana iwe, koma khosi ulibe."

Ndinayesa, abale, ndinayesa. Ndinkapita kuseli kwa nkhokwe kukayang'ana mtengo wa mango ngati munthu ndi kuuyankha mokweza. Mtengo ndinkautha bwino. Koma akangokhala munthu wamkulu, basi.

Kutatsala tsiku limodzi, a Daka anandiitana titawelukila. Sanakalipe. Anati, "Mwana wanga, usandide. Mailo iwe ukakhale kumunda wa sukulu, uzikazula udzu mu nsawa. Ukagwada iwe, onse agwada. Ndinaziona kale ndi mkulu wako, sindingathe kuziona kawili."

Ndinati, "Inde aphunzitsi," monga ndinenela masiku onse. Pobwelela ndinalowa m'nyumba yino ya Mulungu, ndinakhala kuseli kwa mzati wanga uja. Ndinati, Ambuye, mukudziwa kuti Sitandade Faifi ndimaifuna ngati madzi. Koma ngati sukulu ipambane pokhapokha ine nditabisika, ndibiseni. Ingopambana, kuti wina asadzakwelenso lole chifukwa cha zimenezi.

Tsopano mvelani zimene Mulungu anachita. M'mawa mwake kunagwa mvula yamphamvu, kamtsinje kathu kanadzaza, galimoto ya bwana inalephela kuoloka. Anaisiya tsidya lija, anaoloka pamtengo, natsata kanjila kachidule kamene kamatulukila kumunda. Sukulu yonse inali pamzele kutsogolo, pamiyala yoyela ija, ikuimba moyang'ana kumsewu. Ine ndinali ndekha kumbuyo, ndikumva nyimbo patali, misozi ikugwela mu nsawa.

Ndinangomva, "Moni, mnyamata." Kuona nsapato zamatope pafupi ndi dzanja langa, ndinadziwa kuti ndi bwana. Usakagwade, anatelo Lazalo. Nanga ndikanatani, abale? Anandipeza chigwadile kale, udzu uli m'manja!

Bwanayo ananjuta pambali panga, natola kamtengo kuti apale matope kunsapato. Akupala choncho anafunsa m'Chinyanja chake cha m'buku chifukwa chake nsawa za mbali ino zinali zazikulu kuposa za uko. Ndinayankha ndikuyang'ana nsawazo, pakuti iyenso ankayang'ana zomwezo. Ndinati izi tinabzala ndi mvula yoyamba, izo patapita masabata awili, kuti tione kusiyana. Anafunsa za mipata ya mbeu. Ndinatulutsa lula ya Lazalo m'thumba ndi kumupimila. Anasintha, nayamba Chizungu: mizele khumi ndi iwili, uliwonse mapando makumi anayi, onse pamodzi angati? Ndinamuyankha m'Chizungu chomwecho. Anandimva bwino, chifukwa khutu lake linali pafupi.

Kenaka anati, "Nanga bwanji suli ndi anzako?"

Apa ndipo panali povuta. Ndikanatha kunena kuti ndi tsiku langa la kumunda, a Daka akanakondwa nane. Koma ndinali nditapemphela dzulo lake, ndipo pakamwa panakana bodza. Ndinati, "Ndimagwada, bwana. Kwathu mwana sayang'ana wamkulu kumaso, ndi mwano. Mkulu wanga anagwada pamene sukulu inayendeledwa kale. Samu ankaidziwa, koma sukulu inagwa, ndipo iye anapita."

Mwina mudzandifunsa ngati anali bwana yemwe uja wa poyamba. Sindidziwa. Onse awili sindinawaone kumaso.

Bwana anati nditsogole. Tinatulukila kumbuyo kwa mzele, ana akuimbabe kumsewu wopanda munthu. A Daka atacheuka n'kundiona ndili ndi bwana, nyimbo inawathela m'kamwa. M'kalasi bwana sanaime kutsogolo monga tinakonzekela. Anakhala pabenchi pakati pathu, maondo ake ali m'mwamba, nafunsa aliyense ali pafupi naye. Anaona mabuku, anasuzumila m'zimbudzi, analemba zambili, nachoka.

Miyezi inayi, abale. Nsawa zija tinakumba, tinayanika, tinaika m'nkhokwe, kalata osabwela. A Daka sanandikalipile, koma sankandisekanso, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa. Ndinkaganiza kuti ndaulula za aphunzitsi anga, kuti nyumba yathu imodzi yagwetsa sukulu kawili. Ndinayamba kufunsa anthu masiku amene lole imadutsa pa Nyimba. Amai anadziwa. Anangobisa bulangete langa.

Lachitatu lapitali bambo mfumu anabwela nayo kalata kuchokela ku Petauke. Boma lavomela. Sitandade Faifi iyamba sukulu ikatsegulidwa, malinga timange chipinda chimodzi cha njelwa. A Daka anandipeza pachitsime, nandigwila khutu, nati, "Iwe wopanda khosi, benchi yako ndi yakutsogolo. Ndipo undikhululukile." Munthu wamkulu chonchija kupepesa kwa ine! Ndinasowa poyang'ana, ndiye ndinayang'ana pansi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anadzaza kamtsinje kaja. Ine ndinapempha kuti andibise, Iye anatuma bwana komwe ndinabisikako. Ndikuthokoza inu amene munasenza dothi ndi kukumba, ndiponso amene mubwele Loweluka kudzaumba njelwa.

Chatsala chimodzi. Ndamulembela kalata Lazalo kupulazi lija, koma sindidziwa ngati akali komweko. Inu amene muli ndi ana ku Walale, inu amene mukuganiza zopitako chilimwe chino, ndapota nanu, mufunseko za iye. Ndi wamtali, ali ndi chipsela pachibwano. Mukamuona mumuuze kuti sanalakwe. Mumuuze kuti Faifi yafika, ndipo lula yake ndikuisunga.

Tsopano kondwani nane, abale anga. Azimai, imbani nthungululu, muimbe mokweza, pakuti ine mawu anga mukuwadziwa. Muimbile sukulu yathu, muimbilenso amai anga ali apo, kuti tsiku lina lole idzaime. Ambuye atamandike. Amen.