Chingwe cha a Loko

Malemu amene agona m'bokosimu anabadwa pa 9 Juni 1951, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa fakitale ya sopo komwe bambo athu ankagwira ntchito. Anali achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndikuwerengane ndine mchemwali wawo, woyamba kubadwa, ndipo tsopano ndatsala ndekha. Abale andisankha chifukwa sindizungulira polankhula. Ulemu ndaupereka pamodzi kwa abusa, kwa mlamu wanga ndi ana, ndi kwa nonse amene mwakhala pansi ndi amene mwaimirira kumbuyoko. Inu a komiti ya timu, amene mwabwera ndi mipando yanuyanu ndi majekete atsopano, khalani chomwecho. Ndifika kwa inu.

Sukulu anayamba mu 1958 ndipo anamaliza pulayimale mu 1966. Aphunzitsi ankati mutu ulipo, koma maso ali pawindo. Kunyumba mayi athu ankati mwana ameneyu sanaswepo mbale, chifukwa ikatsetsereka pashelufu ankaiwakha isanafike pansi. Mu 1968 analowa ntchito kufakitale komweko, kopakira makatoni, ndipo anapuma mu 2006. Kalata yowachenjeza sanalandirepo ngakhale imodzi.

Mu 1973 anthu a kufakitale ndi oyandikana nawo anayambitsa timu ya mpira. Bwalo limene mukulidziwalo linali kudzala. Malemu ndi anzawo anachotsa magalasi, zitini ndi ziputu ndi makasu a kunyumba, khasu la mayi athu linathyokera komweko. Woyimbira mpira wina anawabwereka tepi yoyezera kwa masana amodzi okha. Achimwene anaona kuti tepi ibwerera kwa mwini wake, choncho anatenga chingwe cha khonje n'kumanga mfundo pa muyeso uliwonse wa bwalo. Pa mfundo ya penate, mamita khumi ndi imodzi kuchokera pagolo, anamangapo kansalu kofiira. Chingwe chimenecho chikumbukireni.

Chaka chomwecho anaima pagolo, ndipo anachokapo mu 1991. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, timu imodzi, jezi imodzi ya nambala wani. Ochemerera anawapatsa dzina loti a Loko, ndipo dzina la ubatizo linatsala kwa ife ndi kwa abusa.

Pa 14 Ogasiti 1976 anakwatira mlamu wangayu. Ukwati unadalitsidwa mmawa kwambiri chifukwa masana kunali mpira. Akwati anaonerera masewerowo atavala diresi loyera, atakhala pa katoni. Timu inapambana ndi chigoli chimodzi. Kuyambira sabata yotsatira mlamu anayamba kuchapa majezi a timu yonse, ndipo anachapa zaka makumi awiri. Manja awo ali apawa, amene akufuna umboni awaone.

Mu 1979 timu yaikulu inawatumizira anthu. Anawalonjeza nyumba yamagetsi. Malemu anawaphikitsira tiyi, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu, n'kuwauza kuti loko sasamuka pachitseko. Anthuwo anabweranso mu 1985, anamwanso tiyi. Ine ndinawakalipira achimwene maulendo onse awiri. Ndinkati pakadafunda padajiwitsa galu. Sanandimvere.

Ochemerera a kudzuwa, kumbali kopanda denga kuja, andipatsa mapepala odzadza jumbo kuti ndiwerenge. Onse sindingathe, maliro angagone. Ndasankha atatu.

A Lipenga, amene akhala akuliza lipenga lawo kumeneko kuyambira 1975, alemba za mwambo umene nonse mukuudziwa. Mpira usanayambe malemu ankapita pa mlongoti wa golo wakumanzere n'kuugwedeza kawiri, ochemerera n'kuyankha pamodzi kuti Loko watseka. Oyimbira mpira ankadikira zimenezo asanaimbe wezulo, ngakhale achilendo. A Lipenga akuti tsiku lina achimwene anachedwa kuchimbudzi, ndipo anthu zikwi zitatu anadikira mphindi zisanu osadandaula.

Atelala a pamsika alemba za ndime yotsiriza ya chikho, pa 27 Okutobala 1984, pomwe tinakumana ndi timu ya kutsidya kwa njanji. Chala chapakati cha dzanja lamanja chinathyoka chigawo choyamba chisanathe. Malemu anachimangirira ku chinzake ndi chingwe cha nsapato, n'kubwerera pagolo, ndipo anagwira mapenate awiri. Chikho chimenecho ndi chokhacho chimene timu ili nacho mpaka lero. Chalacho chinapindika mpaka kalekale, moti akaloza kusitolo anthu ankapita kuchigayo.

Amayi ogulitsa nthochi pageti alemba za 1987, chaka chimene timu inatuluka mu ligi. Osewera asanu ndi awiri anathawa mwezi umodzi. Malemu anatsala, ndipo Loweruka lililonse ankabwerabe ndi ukonde paphewa, ochemerera atatsala ochepa oti n'kukwana m'basi imodzi. Mu 1989 timu inabwerera.

Atasiya kusewera mu 1991 sanapite kukakhala pamthunzi. Anatenga wilibala, ndowa ya njereza ndi chingwe chija. Lachisanu lililonse akaweruka ankayeza bwalo n'kulemba mizere. Loweruka mmawa ankakoleka maukonde, mpira ukatha ankawachotsa n'kukawasoka pakhonde. Mlongoti ankaugwedezabe. Geti limene mumalowera lija analipenta okha kanayi. Anagwira choncho zaka makumi atatu.

Tsopano ndafika kwa inu a komiti.

Munalowa m'mipando mu Novembala 2021. Pa 11 Febuluwale 2022 munawalembera kalata ya mizere inayi yoti ntchito ya pabwalo mwaipereka kwa kampani ya makina. Simunawaitane ku ofesi. Kalatayo anailandira kwa mlonda, ndowa ya njereza ili m'manja. Anatsiriza kaye mzere umene anauyamba, anatsuka ndowa, n'kubwera kunyumba.

Patapita masabata atatu, kampani yanuyo inaika malo a penate pa mamita asanu ndi anayi. Woyimbira anayeza ndi mapazi, anapukusa mutu, n'kuimitsa mpira. A timu yachilendo anaseka mpaka kugona pansi, ena akufunsa ngati pano penate amaigulitsa motchipa. Inu alembi munatumiza njinga yamoto kunyumba. Ine ndinalipo tsiku limenelo, ndipo ndinawauza achimwene kuti asapite, a komiti aone okha ndi makina awowo. Iwo anati bwalo silinalakwe. Anatenga chingwe, anakwera njingayo, anakayeza anthu onse akuona, n'kubwera wapansi. Zikomo sanamumve.

Pa 18 Malichi chaka chino timu inakwanitsa zaka makumi asanu. Mlamu anasita jezi yakale ija. Malemu anameta, anapukuta nsapato, ndipo anafika pageti dzuwa lili paliwombo. Alonda anali a ganyu, sankawadziwa, ndipo iwowo sindiwaimba mlandu. Anali ndi ndandanda wa alendo olemekezeka, anayang'ana kawiri, dzina munalibe. Anawauza kuti aime pambali, kuseri kwa chingwe chotchingira anthu.

A Lipenga anatuluka kudzawatenga kuti akakhale nawo kudzuwa. Malemu anakana. Anati akuluakulu angoiwala, aitana posachedwa, ndipo si bwino kuti akadzawafuna apeze achoka. Mvula inayamba cha m'ma thu koloko. Amayi a nthochi anawapatsa pulasitiki yofunditsira dengu, iwo anafunditsa jezi, mutu uli pamtunda.

Mpira usanayambe, inu alembi munaima pa chimkuzamawu n'kupempha anthu kuti akhale chete mphindi imodzi pokumbukira oyambitsa timu amene anatisiya. Munawerenga mayina asanu ndi anayi. Lachisanu ndi chimodzi linali la achimwene anga. Iwo analimva ali pageti, madzi akutsika m'khosi. N'chifukwa chake pa ndandanda wa alendo panalibe dzina lawo: munali mutaliika pa ndandanda wa akufa. Munthu amene chaka chimodzi m'mbuyomo munamutumizira njinga, ndipo nyumba yake imaonekera pawindo la ofesi yanu.

A kudzuwa anakuwa kuti a Loko ali moyo, ali pageti. Munauza a bandi kuti aimbe. A Lipenga anakwera mpaka kumipando yadenga kukakuuzani pamaso inu apampando. Munayankha kuti pulogalamu inasindikizidwa kale, alendo akhala kale, zikonzedwa Lolemba. Pamapeto a mpira galimoto yanu inadutsa pageti. Munatsitsa galasi, munawaona, munakweza galasi. Amayi a nthochi ali apa, ngati ndanama andidzudzule.

Kulakwitsa kulipo, munthu aliyense amalakwitsa. Ine ndinaphikapo ndiwo ndi shuga. Koma ndinazitaya, sindinauze ana kuti adye chifukwa zaphikidwa kale. Lolemba limene munanenalo tinalidikira masabata asanu ndi limodzi.

Malemu anafika kunyumba madzulo akunjenjemera. Anauza mlamu, akuseka, kuti wakwatiwa ndi mzukwa. Kuseka kumeneko kunali komaliza. Pa 22 Malichi anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo. Anatuluka pa 3 Epulo, koma chifuwa sichinabwerere m'malo, ndipo chakudya ankangochiyang'ana. Pa 25 Epulo anagonekedwanso. Madokotala ndi anamwino anayesetsa, ndipo anatiuza zoona kuti mtima unali wofooka kale. Sindikunena kuti mvula yokha ndiyo yawapha. Ndikunena kuti munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi saimikidwa pamvula maola asanu, pa geti limene anapenta yekha.

Masiku onsewo a kudzuwa ankasinthana pa benchi ya kuchipatala. Atelala ankabwera mmawa ndi madzi otentha, a Lipenga madzulo kudzawauza za mpira, ndipo timu ikagonja ankawanamiza kuti yalepherana mphamvu ndi anzawo. Achimwene ankadziwa, ankangoti bodza la Lipenga limamveka ngati lipenga lake. Chitseko cha wodi chikatseguka ankatembenuza mutu. Ndikudziwa amene ankawayembekezera. Sanabwere, ngakhale mmodzi. Malemu anatisiya Lachiwiri pa 2 Meyi 2023, cha m'ma teni koloko mmawa, dzanja lawo lili m'manja mwa mlamu.

Ndinene zoona pamaso pa abusa. Achimwene sanasiye mawu oipa. Akanadzuka panopa akanakupatsani mipando n'kukufunsani za mpira wa Loweruka. Mtima umenewo unali wawo, ndipo apita nawo. Ine wanga ndi wina, ndipo abale agwirizana nane.

Dzulo inu alembi munabwera kusiwa ndi mbendera ya timu, nkhata yaikulu ngati tayala la thirakitala, ndi munthu wojambula. Munapempha zinthu zitatu: kuti mbendera ifunde bokosi, kuti apampando alankhule, ndi kuti a komiti anyamule bokosi polowa kumanda, muli ndi majekete anuwo. Munafunsanso za chingwe, kuti mukachiike m'kabati ya magalasi. Tinati yankho mulimva lero pagulu, pakuti zanunso munazichitira pagulu.

Apampando salankhula. Maliro awa inu munalira kale pa 18 Malichi, mphindi yanu munaipereka, bandi inaimba. Munthu salira maliro amodzi kawiri. Mbendera ipindeni. Bokosi lifunda jezi ija, imene mlamu aichapa komaliza dzulo. Onyamula ndi a kudzuwa, motsogozedwa ndi a Lipenga ndi atelala, ndipo azisinthana mpaka aliyense amene anakhalapo pa benchi ya kuchipatala agwireko.

Chingwe sichipita m'kabati. Panopa chamangidwa pa geti la kumanda. Amayi a nthochi akaima pamenepo ndi ndandanda umene ndalemba ndekha ndi dzanja langa, ndipo ine sindinalakwitse. Aliyense ali pano alowa: oyandikana nawo, a kufakitale, osewera akale ndi atsopano, a timu ya kutsidya kwa njanji amene abwera ndi basi yawo, ngakhale alonda awiri aja, amene anabwera kudzapepesa sabata yomweyo. Mayina khumi ndi limodzi a komiti mulibemo. Pulogalamu yalembedwa kale. Mukafuna kuonerera, muime pamene pathera kansalu kofiira. Ndi mamita khumi ndi imodzi, oyezedwa bwino. Mwambo ukatha chingwecho chitsikira limodzi ndi mwini wake, ndipo penate yanu muziyeza nokha. Musachite mantha, palibe amene akukhudzeni, ndipo kumwambaku kukuoneka kuti lero sikugwa mvula. Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

Malemu asiya mkazi, ana anayi, aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi, zidzukulu khumi ndi ziwiri, chidzukulutudzi chimodzi, ndi ine mchemwali wawo.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino a wodi ya abambo, abusa ndi amayi a kwaya amene akhala nafe masiku awiriwa, akalipentala amene akhoma bokosi, okumba manda, anzawo a kufakitale, ndi oyandikana nawo amene atibwereka mabenchi ndi kutunga madzi. Koposa onse tikuthokoza inu a kudzuwa. Bokosi likamatuluka pakhomo pano, mwana wawo wamwamuna agwedeza mlongoti wa tenti kawiri. Choyankha mukuchidziwa.

Achimwene, munaima mokwanira. Geti limene mwafikalo mwini wake amakudziwani, ndipo dzina lanu analilemba pamalo pake. Lowani mukakhale pansi. Mzimu wanu uuse mumtendere.