Dzina Lobwereka la Difenda wa ku Malota

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1966 ku Malota, muno mu Livingstone, m'banja la bambo Siyanga Mwiinga ndi mayi Lonah. Ndamva kung'ung'udza kumbuyoko. Ndikudziwa kuti nyuzi zinkalemba 1970, koma sindinaphonye kuwerenga ayi. Ine ndine Chabota Mweetwa, muphwa wa malemu, ndipo mawuwa anandituma ndi eni ake ali m'chipatala. Dzulo achibale ena anandiletsa, inenso manyazi andigwira. Koma manyazi anapha lambe, ndiye ndiwerenga.

Amene tikuwaika lerowa dzina lawo ndi a Wilbroad Mwiinga. Dzina la Titus, limene munkaliimba m'mabwalo a mpira, silinali lawo. Mwini wake ndi mng'ono wawo. Ali moyo, ndi awo akhala pafupi ndi bokosi atazolika.

Malemu anayamba sukulu mu 1973 ndipo analekeza Fomu 3. Sukulu sinawakonde, iwonso sanaikonde. Chawo chinali mpira, wopanda nsapato, pafumbi la ku Malota.

Mu 1986 kunabwera anthu a timu ina ya ku migodi kudzafuna anyamata osapitirira zaka 17. Malemu anali ndi zaka 20, koma anali aafupi, a nkhope yachibwana. Bambo awo ndi amalume awo anakhala pansi n'kugwirizana kuti a Wilbroad akatenge reji, chitupa cha unzika, m'dzina la mng'ono wawo Titus, amene anali ndi zaka 16. Mng'onoyo anamusiyira dzina ndi zaka za mkulu wake, ndipo palibe anamufunsa. Malata a nyumba ya ku Malota anagulidwa ndi dzina limenelo. Tonse tinagonamo osavumbidwa ndi mvula, tonse tili duu.

Kuyambira 1986 mpaka 1997 malemu anasewera kumbuyo, nambala faifi. Munkawatcha Chipupa, ndipo pamenepo simunaname. Wogoletsa akawadutsa kamodzi ankakasimba kwawo mwezi wathunthu. Mu 1991 anakwatira mayi Mapenzi Mulemwa. Ngakhale kuguwa analumbira ndi dzina la eni, mayiwa anadzadziwa zoona mwana woyamba atabadwa kale.

Mu 1992 mng'ono wawo uja anakayesa mwayi wa usilikali, ntchito imene ankailota kuyambira ali mwana. Pothamanga anasiya onse kumbuyo. Koma anamubweza pageti, ati zaka 26 zapitirira malire, chikhalirecho munthu ali ndi 22. Amati choipa chitsata mwini, koma kwathu chinatsata wosalakwa. Kuyambira pamenepo akhala akusema ndi kugulitsa ziboliboli pa Mukuni Park, akuyankha dzina losakhala lawo, osadandaulira munthu.

Mu 1997 bondo la malemu linakana. Olemba nkhani analira kuti mnyamata wa zaka 27 watha msanga. Bondolo lokha ndilo linkadziwa kuti lili ndi zaka 31.

Mu 1999 anabwerera kuno n'kuyambitsa timu ya ana ku Malota. Makolo ambiri muli pano munakangana nawo, musakane. Mwana akabwera kudzalembetsa, malemu, amene munkawatcha ba Kochi, ankamusisita chibwano kufuna zizindikiro za lezala, kenako ankapita okha kwa amake kukaona kadi la kusikelo. Akapeza kuti zaka zachepetsedwa, ankamubweza, angakhale wodziwa mpira chotani. Chifukwa cha ichi timu yawo inkagonja kawirikawiri, nanga ana enieni angalimbane ndi "ana" a matimu ena amene akazi awo ankawachemerera kunja kwa bwalo atabereka makanda? Munkati ba Kochi ndi ouma mutu. Ife apabanja tinkadziwa chimene chinkawadya, ndipo tinkangoyang'ana kumbali. Komabe anyamata asanu a m'manja mwawo akusewera m'matimu akuluakulu lero, aliyense ndi dzina lake ndi zaka zake.

Mu 2023 anapezeka ndi matenda a shuga. Mu Januwale chaka chino anachita sitiroko, ndipo anatisiya pa 14 Febuluwale m'chipatala chachikulu cha Livingstone. Asanasiye kulankhula anapempha chinthu chimodzi: kuti asalowe m'manda ndi dzina la mng'ono wawo.

Abale inu, ngakhale pamenepa tinalephera. Tinaopa kuti akuluakulu a mpira atiseka, tinauza wolemba mtanda kuti alembe Titus. Dzana a Titus enieni anapita kukatenga mtandawo, n'kupeza dzina lawo ndi tsiku lawo lobadwa, utoto usanaume. Anaunyamula paphewa mpaka kunyumba, n'kuuimika pakhonde. Ine ndinasowa poyang'ana. Tinaupala ndi botolo losweka n'kulembapo dzina la Wilbroad, ndiye mukauona uli ndi zipsera musadabwe.

Malemu asiya mayi Mapenzi, ana atatu, Mazuba, Miyoba ndi Cheryl, zidzukulu zinayi, ndi mng'ono wawo mmodzi. Tikuthokoza madokotala ndi manesi, azimayi a mpingo amene aphika ndi kuimba masiku onsewa, anzawo a Titus a pa Mukuni Park amene akhoma bokosi, ndi ana a timu ya Malota amene abwera atavala majezi awo.

Bambo Titus, zaka zanu sitingakubwezereni, usilikali sitingakubwezereni. Dzina lokha ndilo tikukubwezerani lero pamaso pa anthu onsewa, ndipo banja likuti pepani. Inu nonse, popereka chanza mukamachoka, muwatchule dzina lawo.

A Wilbroad Mwiinga, amalume anga, mwatula katundu wa eni. Mzimu wanu uuse mumtendere.